Hafu ndi Kota ku Lirangwe

Ndinabwerera ku Lirangwe mutu uli wotentha. Tinali titachokera ku maphunziro a aphunzitsi m'tauni, kumene bambo wina wophunzitsa masamu ku yunivesite anatichapa ndi mawu mpaka tinayera. Ankati ana amene timawatumizira amafika kumeneko atadzaza zoloweza m'mutu, koma ukawafunsa chifukwa chake amangoyang'ana kudenga. Mankhwala ake, anatero, ndi osavuta: tsiku lina mulakwitse dala pa bolodi, ana akugwireni. Mwana akagwira mphunzitsi wake kamodzi, masamu sawaopanso.

Ine ndine wotengeka msanga. Amayi anga amati ndikamva ng'oma ndimayamba kuvina ndisanafunse ngati ili ya maliro. M'minibasi, kuchokera kwathu ku Chileka kudzera pa Lunzu, nditapanikizana ndi thumba la nandolo la munthu wina, ndinkangomwetulira ndekha.

Kalasi yanga inali Sitandade 7. Ndinalemba hafu kuphatikiza kota, ndipo ndinachita zimene amachita mwana wofooka: manambala apamwamba ndinaphatikiza paokha, apansi paokha, yankho n'kutuluka 2/6. Yankho lomvetsa chisoni zedi. Aliyense amene anatumidwapo nyama ya mbuzi pamsika amadziwa kuti ukagula hafu n'kuwonjezera kota, phukusi silichepa. Ndinatembenuka, n'kupinda manja, kudikira chipwirikiti.

Kunali zii. Ndinafunsa ngati tili limodzi, onse anati inde madamu. Ndinafunsa ngati pali amene waona chachilendo, mitu yonse inaloza pansi, mabolopeni akuthamanga. Anakopera bodza langa mwaukhondo, ena mpaka kulitsekera mzere ndi rula. Belu litalira ndinati mumtima asiyeni, akagone nalo, ndiwaululira mawa. Ndinaiwala kuti tsikulo linali Lachisanu.

Pofika Lolemba, Lirangwe yense ankadziwa kuti madamu a ku Chileka sadziwa masamu. Mchimwene wa mwana wina, wa ku sekondale, ndiye anaona samuyo, ndipo pakamwa pake panalibe chitseko. Ena ankati satifiketi yanga ndi yogula, ena ankati ndinalowera kukhomo la kuseri chifukwa bambo anga ndi mkulu wa mpingo. Mayi wogulitsa tomato pa siteji anandigwira dzanja n'kundilimbitsa mtima kuti ndisadandaule, masamu ndi ovuta kwa aliyense. Wa pabutchala yekha ndiye sanandimvere chisoni. Ndikamadutsa ankafunsa ngati andipimire hafu ndi kota, kapena thu ova sikisi.

Ahedi anandiitanitsa. Mu ofesi ndinapeza atcheya a komiti ya makolo, bambo wa ku Chigaru, mlimi wofatsa wosachedwa kuvula chipewa, amene mwana wawo wamkazi anali wanzeru kuposa onse m'kalasi mwanga. Anandilonjera bwinobwino, anafunsa za kunyumba, kenako ananena chimene anabwerera. Makolo ankapempha kuti andisamutsire ku Sitandade 1, kumene manambala safika patali. Zinandipweteka kwambiri. Ana aja ndinkawakonda, ndipo ndinkafuna kuwafikitsa ndekha ku mayeso a Sitandade 8.

Ndinafotokoza zonse, za bambo wa ku yunivesite, za kulakwitsa dala. Atcheya anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena mosakweza mawu kuti ngakhale munthu woterereka m'matope amati amafuna kukhala pansi. Tinagwirizana kuti sabata yotsatira abwere adzakhale nawo m'kalasi. Ana akandigwira, ndikhala. Akapanda kundigwira, ndinyamule choko changa ndikaimbitse a e i o u.

Pa buleki ndinamukokera pambali mwana wa atcheya uja, n'kumufunsa ngati sanaone kuti yankho lija linali lolakwika. Anayankha akukumba pansi ndi chala cha kuphazi kuti onse anaona. Koma anapangana ndi maso kuti asandichititse manyazi, poti ndine mlendo, ndipo mwina ndinali nditatopa ndi ulendo. Mnyamata wina atayamba kuseka anachita kumutsina. Ine ndinkati ndawatchera msampha, osadziwa kuti iwo akundifunditsa chitenje.

Sabata yonseyo ndinakhala ndikuwapempha ana oleredwa bwino kuti andichitire mwano. Ndinawauza kuti masamu alibe mkulu, kuti bodza ndi bodza ngakhale litavala taye. Ankavomera onse pamodzi, mwaulemu. Ndinalemba zinthu zoti ngakhale mbuzi ikanakana, mpaka Lachinayi wina kumbuyo anatsokomola. Tsiku lotsatira anatsokomola ambiri, moti mphunzitsi wa kalasi yoyandikana nayo anasuzumira kudzafunsa ngati kwagwa chimfine. Ndinati bola, kuyenda kumayamba ndi kukwawa.

Atcheya anabwera atavala jekete la kutchalitchi, nakhala kumbuyo pa desiki ya ana, mawondo ali m'mwamba, chipewa pa bondo. Ahedi anaima pakhomo. Ndinaphunzitsa pang'ono, kenako ndinalemba samu ina yophatikiza magawo n'kuilakwitsa moonekera, yoti wodutsa pamsewu akanaiona.

Pamaso pa munthu wamkulu, ngakhale chifuwa chija chinapola. Ndinafufuta pakona pa bolodi pamene panalibe chofufuta. Ndinayenda mpaka pawindo n'kubwerera. M'mutu ndinali nditayamba kale kukumbukira nyimbo za ku Sitandade 1. Mumtima ndinamutukwana bambo wa ku yunivesite uja, amene mwina panthawiyo ankamwa tiyi mu ofesi yake.

Mtsikana uja anayang'ana kwa bambo ake, anayang'ana kwa ine, n'kudzuka. Anabwera kutsogolo pang'onopang'ono, nagwada.

"Madamu, pepani. Choko chalakwitsa."

"Chalakwitsa pati?"

Analandira chokocho ndi manja awiri, najambula chigumu pa bolodi, n'kuchidula magawo ofanana, kuonetsa kuti chimene ndinalemba n'chochepa kuposa chimene tinayamba nacho. Kalasi yonse inatsitsimuka. Uyu akuti chokocho chinayamba kale khalidwe limeneli, uyo akuti Lachisanu lija chinachitanso zomwezo. Ndinachinyamula m'mwamba n'kuchikalipira kuti chikapitiriza ndichitumiza ku Sitandade 1. Ngakhale ahedi anaseka.

Atcheya sanaseke. Tinatuluka nawo mpaka pansi pa mtengo wa nimu, ine mtima uli m'mwamba, poti ndinkaganiza kuti akwiya ndi mwana woyankha akulu. Anatembenuza chipewa m'manja. Kenako anauza ahedi kuti madamu asiyidwe pomwe ali, iwo akalankhula okha ndi makolo. Ndinawathokoza, koma iwo anali asanamalize.

"Ine sukulu ndinalekera Sitandade 5," anatero. "Aphunzitsi anandikwapula pamaso pa anzanga chifukwa cha samu imene ndinakhoza. Ndinkadziwa ndithu kuti ndakhoza. Ndinangoti zikomo, m'mawa mwake ndinapita kumunda."