Kamtsuko ka Amesapi

Pawindo la kukhitchini kwa mayi ku Ilford pamakhala kamtsuko kadothi kofiirira, ka zogwirira ziwiri zazitali zokhala ndi timagudumu pamwamba. Si kakale ayi, n'kongoyerekezera, kogulitsa kwa alendo. Ndinabwera nako ine kuchokera ku Italy ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Sukulu titatsekera chaka chimenecho, mayi anandiuza kuti ndipita kutchuthi ndi malume ndi akazi awo, anti, amene kwawo ndi kum'mwera kwa Italy. Mayiwo atsala. Mayi anali namwino ku Romford, ndipo mawu akuti "ndili pa shifiti" ndinakula nawo, choncho sindinafunse.

Kwawo kwa anti kunali katauni ka nyumba zoyera, dzuwa lake loswa mtengo. Masana m'misewu munkangoti zii, kumangomveka nyenje m'mitengo ya maolivi. Bambo awo a anti ndiwo ankatsegula ndi kutseka miyuziyamu ya m'tauniyo, kanyumba kosungiramo zofukulidwa m'manda a Amesapi, anthu amene ankakhala kumeneko Aroma asanalande dzikolo. Poti m'katimo munali mozizira bwino, ndinkaswera momwemo. Munkanunkhira sopo wokolopera. Mkuluyo Chingerezi sankachidziwa, ankangoloza ndi chala: mikanda, nyale zadothi, miyala ya zilembo zachilendo, ndi mitsuko ya timagudumu ndandanda.

Anti ndiwo anandiuza kuti mitsuko imeneyo ankaiika m'manda a akazi. M'galasi lina munagona mafupa a mayi wina, miyendo atapinda, mtsuko wake uli pambali. Ndinamuyang'ana mpaka khosi kuwawa.

Madzulo ake ndinamva malume akulankhula pafoni pakhonde, motsitsa mawu. Ankayesa kuti Chichewa sindimva, poti ndinkayankha m'Chingerezi. Ndinatolapo zokwanira: achemwali awo, khansa, opaleshoni, mawa.

Sindinauze munthu. Lero ndimaona kuti akuluakulu analakwa kundibisira, ngakhale sindikudziwa ngati ineyo ndikanatha kumuuza mwana wanga. Chakudya chinasiya kulowa. M'mawa ndinkathamangira kugalasi lija n'kukhala pamenepo ngati mlonda. M'mutu mwanga ndinali nditapangana ndekha kuti ndikapanda kuchotsa maso pa mayi ameneyu, mayi anga sagona chomwecho. Bambo a anti aja sanandithamangitse. Anangondibweretsera kampando, n'kumandiikira nkhuyu pamwendo.

Tsiku lina malume analowa m'miyuziyamu muja akuthamanga, maso ali psuu, foni ili m'manja.

"Gwira," anatero. "Amayi ako."

Mawu anali ofooka, okhala ngati akuchokera pansi pa bulangete. "Mwanawe, akuti sukudya? Idya. Ine ndilipo."

Ndinalira mokweza mpaka alendo awiri amene ankaona miyala anatuluka. Mkulu uja anavula chipewa n'kumadzikupiza nacho, akuseka, ngakhale sanamve liwu ndi limodzi lomwe. Nkhuyu zonse ndinadya pomwepo.

Titabwerera ku Ilford, mayi anatsegula chitseko okha. Anali ataonda, akuyenda chogwira khoma, koma anali chiimire. Nditawathamangira anati, "Pang'onopang'ono, mbali iyi ayi," n'kundikumbatira ndi dzanja limodzi. Ankanunkhira mafuta awo omwe aja a masiku onse.

Pomasula sutikesi yanga, anatulutsa pansi penipeni jekete langa la nyengo yozizira ndi nsapato zasukulu zatsopano, zondikulira. Ndinaseka.

"Mayi, kotentha kuja? Munaiwala?"

Nawonso anaseka. Anapachika jeketelo kuseri kwa chitseko, nakhala pabedi langa, nsapato zija ataziika pamiyendo. Ine ndinkaganiza kuti atopa. Sindinkadziwa kuti iwo ndi malume anali atagwirizana kale kuti zikavuta, pochoka kubwalo la ndege ndidzangopitirira kwa malume ku Tottenham, ndipo sukulu ndidzayambira komweko.