Kabatani ka Eko

Ntchito yanga yoyamba inandipeza ndikukulunga waya. Malasha atangoyamba kukokera anthu ku Tete, ndinkathandiza alamu anga kukonza mawailesi ku Degue. Tsiku lina kunabwera Tiyu Anselmo, woimba nyimbo zachikondi zomwe zinkaliza amayi tili ku Malawi nthawi ya nkhondo. Ataona ndikukulunga kabo ya mikolofoni osaipotokola, anati, "Iwe Lusiya, manja akowa ndi ofatsa. Ubwere Loweruka."

Ndinkaimika makoluna awiri otulutsa mawu, n'kulumikiza makabo ku meza yosakanizira mawu. Koma ntchito yeniyeni inali pa kabatani kamodzi, ka eko, kobwereza mawu ngati phanga. Mawu a Tiyu anali atayamba kusasa, ndipo chinsinsicho tinkachidziwa awiriwiri. Nyimbo ikafika pokwera, ankagwira chipewa, ine n'kupotoza kabataniko. Mawu otopa aja ankayandama ngati akuchokera kutsidya kwa Zambezi, ine nditatsinzina, mtima uli kutali.

Lamlungu lina masana tinakaimba pabala ina ku Chingodzi, podzaza amuna a ku migodi amene anasiya akazi awo kumudzi. Mwini bala sanabise. "Tiyu, zikapanda kukoma ndiitana anyamata oliza nyimbo pa kompyuta."

Dzuwa la ku Tete silinyengerera munthu, ngakhale makina. Meza inatentha, eko n'kufa. Tiyu anagwira chipewa. Ndinapotoza, zii. Anagwiranso. Ndinangopukusa mutu, misozi ili lengelenge, poti ndinkadziwa kuti mkuluyu analibenso kwina kokaimba.

Inali nyimbo ya mkazi wodikira mwamuna wake pamlatho. Pokwera paja mawu anathyoka aliyense akumva. Tiyu anavula chipewa, nachigwira pachifuwa, osaimbanso.

Kenaka dalaivala wina, nsidze zili mbuu ndi fumbi, anaitola nyimbo ija pomwe inagwera. Anzake anamutsatira, olankhula Chinyungwe, a ku Angónia, ena osadziwa n'komwe mawu ake, akungong'ung'udza. Ndinatsitsa mawu a gitala ya mnyamata woperekeza Tiyu kuti anthuwo amveke. Mwini bala nayenso ankaimba, atayang'ana kukhoma.

Tikukweza makoluna m'galimoto, Tiyu anandikodola. "Lusiya, eko ya leroyi unakaigula kuti?"

Tiyu anapitiriza kumaimba pamalopo mpaka mawu anatheratu. Ine ndikadali pameza. Woimba akafika pokwera, sindithamangiranso kabatani kaja: ndimatsitsa zoimbira, n'kudikira anthu kuti aitole nyimboyo. Masiku ena saitola. Ndimadikirabe, nditavala chipewa chomwe Tiyu anandisiyira.