Dobrin ndi mtanda wa mumtsinje

Mlongo wanga Dobrin tamuika m'manda mwezi wathawu. Pamaliro anthu ankangoti wapumula, wapumula. Ine ndikufuna ndinene mmene analiri.

Anali wamng'ono kwa ine, mwana wosakhazikika. Ukamutuma buledi ankabwera ndi galu wa eni ake. Amayi ankati miyendo yake ilibe Sabata. Kusambira anaphunzira yekha mumtsinje wa kuseri kwa tchalitchi.

Pa tsiku la chikondwerero cha Yordanovden, mu Januwale, nyengo ya chisanu choopsa kwathu kuno, ansembe amaponya mtanda wamtengo mumtsinjemo, amuna n'kumaulimbirana m'madzi ozizira aja. Amati wougwira sadwala chaka chonse, ndiye amamunyamula pamapewa kuzungulira naye mudzi. Chaka chimene Dobrin anali ndi zaka khumi ndi ziwiri madzi anali ochepa. Akuluakulu analowa choyenda. Iye anakwera pamwala, n'kudumpha chamutu.

Anavuuka mtanda uli m'manja. Anaima yekha, ndinaona ndi maso angawa, koma mutu anali ataupendeketsa.

"Mwaona, inu andevu?" anakuwa ababa. "Mwagonja kwa mwana wonunkha mkaka!"

"Ababa, khosi," anatero Dobrin. "Zala zachita dzanzi."

"N'kuzizira kumeneko, mphongo. Imwa rakiya ufunde."

Anamukweza chibwano kumumwetsa kachasuyo, kenako anamukhazika pamapewa pa ababa, ng'oma zikulira, iwo akuvina naye. Tisanafike pasitolo mtanda unagwa m'manja mwake. Kenako iye yemwe anangoti lende.

Kuchipatala dokotala wamkazi atamujambula khosi anatifunsa. Anagunda ndi mutu? Anadandaula khosi? Ananena za dzanzi? Zonsezo tinavomera.

"Koma anaima yekha, adokotala," anatero ababa.

"Ana amaima, bambo. Fupa linali litangong'aluka. Zinazo zachitika pomunyamula."

Ababa anatuluka panja osatenga chipewa chawo.

Kuchokera apo Dobrin anakhala wa pachikuku, pawindo loyang'ana kumsewu, zaka pafupifupi makumi awiri. Dzanja limodzi linkagwira pang'ono. Pakamwa pokha ndiye panalibe chilema. "Achemwali, tandikandani mphuno, bwana wanu ndatopa." Nkhani zonse za m'mudzi ankazidziwa, amene akufunsirana, amene waba nkhuni. Alendo akamumvera chisoni ankati, "Mtanda sunama. Chaka chimenecho chimfine sindinadwale." Ine ndinkaseka, n'kukalirira kukhitchini.

Iye ndi ababa za tsiku lija sanakambepo. Ababa ankamumeta ndevu, kumutembenuza kuti asatuluke zilonda, koma kumtsinje anasiya kupita. Dobrin yekha chaka chilichonse ankati ndimukankhe mpaka kugombe. Akafika ankakalipira ana, "Choyenda, agalu inu, osati chamutu!" Anthu anamupatsa dzina loti wapolisi wa mtsinje.

Chaka chino msana wanga unavuta. Ababa, ndi ukalamba wawowo, anavala jekete n'kugwira chikuku. Ine ndinkatsatira pambuyo.

Mtanda anaugwira Plamen, mwana wa aneba athu. Potuluka anaterereka pamwala woundana, n'kugwa chagada, mutu phu! Anayamba kudzuka, amuna akuthamangira kuti amukweze pamapewa.

"Musiyeni chigonere!" anakuwa Dobrin. Mawu otere sindinawamvepo kwa iye. "Plamen, usagwedeze mutu, uyankhe ndi pakamwa. Khosi likupweteka?"

"Eee, amalume."

"Zala ukuzimva?"

"Zikuchita ngati muli nyerere."

"Aa, wapolisi, usationongere tsiku," anatero amalume ake enieni a mwanayo. "Mwana ndi wamphamvu uyu. Mwambo uchitike."

"Mwambo wake ndi uwu ndakhalirawu," anatero Dobrin. "Bwera uuone bwino."

Palibe anaseka. Ababa anasiya chikuku, anagwada m'matope oundana aja, n'kugwira mutu wa Plamen ndi manja awiri, uku ndi uku. Anthu anamufunditsa majekete. Dobrin anati ndichotse bulangete lake ndikawonjezere. Ndinakana, ananditukwana, ndinachotsa.

Ambulansi inachedwa chifukwa cha chipale chofewa mumsewu. Ndinamupempha Dobrin kuti tizipita kunyumba.

"Ndikachoka amunyamula, achemwali. Ndimawadziwa awa."

Anakhala pamphepo pomwepo, milomo itada, mpaka achipatala anamuveka Plamen chogwira khosi n'kumugoneka pathabwa lawo.

Plamen akuyenda. Khosi akadali chimangire, koma akuyenda, dzulo anabwera kudzatiwazira nkhuni amayi ake n'kumubweza. Dobrin chifuwa chinamuyamba sabata yomweyo. Munthu wofa ziwalo satsokomola ndi mphamvu. Chinasanduka chibayo, n'kumutenga.

Pomuika m'bokosi amuna anabwera kudzamunyamula. Ababa anawakankha, anapita kumutu, anagwira ndi manja awiri, uku ndi uku.

"Pang'onopang'ono," anatero. "Khosi."