Nyimbo Imene Ndinakweza pa Lole ya Chipani cha Mlatho

Anzanga amene ndimagona nawo chipinda chimodzi kuno ku Bin Omran, mu mzinda wa Doha, amandidziwa ngati gadi basi. Ntchito yanga yoyamba inali ya zokuzira mawu, ndipo ndinaipeza pa ukwati wa msuweni wanga kwathu ku Malawi. Sipika imodzi inangoti zii pakati pa perekaniperekani. Ndinalondola waya mpaka ndinapeza pamene mwendo wa benchi unamudula, ndinamusenda ndi mpeni n'kumulumikiza. Mwini zipangizozo, a Mbewe, anandiyang'ana kwa kanthawi n'kundifunsa ngati ndimamwa mowa. Nditakana, anati ndikawapeze Lolemba.

A Mbewe anali ndi masipika anayi, ampu, mikisa, maiki awiri a waya ndi jenereta ya petulo. Anandiphunzitsa dongosolo limene mpaka lero ndikhoza kulitchula ndili m'tulo. Uyambe waona oyilo mu jenereta. Uilize, uisiye ikhazikike. Uyatse mikisa mabatani onse ali pansi, ampu ikhale yomaliza kuyatsa ndiponso yoyamba kuzimitsa. Maiki asapite kutsogolo kwa sipika, apo ayi iliza mluzu woboola makutu. Pamene waya akudutsa anthu, umukwirire ndi dothi kapena umumate ndi tepi. Ankakonda kunena kuti, “Wa pa mikisa sayang'ana msonkhano, amayang'ana manja ake.”

Chaka chimenecho kunali zisankho, ndipo a Mbewe anapeza kasitomala wokhazikika. Chinali chipani chaching'ono cha m'boma lathu lokha, chimene anthu ankachitcha cha Mlatho chifukwa cha chithunzi chimene chinali pa nsalu yake. Anachiyambitsa ndi Mayi Nachisale, namwino wopuma pa ntchito, pamodzi ndi aphunzitsi angapo ndi amalonda a pa msika. Iwo ankati sali ku boma, salinso kotsutsa: chabwino avomera, choipa akana, kaya chachokera kwa ndani. A zipani ziwiri zikuluzikulu ankawaseka kuti ndi mileme, yosadziwika ngati ndi mbalame kapena mbewa. Mayiwo sankayankha zimenezo. Nkhani yawo inali mlatho umene madzi anakokola pa msewu wa ku chipatala chathu chaching'ono, ndi mankhwala amene sankafika.

Misonkhano yoyamba tinkalankhula kwa mbuzi ndi ana a sukulu. Tinkamanga masipika pa lole yobwereka, imene ankayendetsa a Jailosi, ine n'kukhala pa mpando pakati pa lolepo, mikisa ili pa katebulo. Munthu amene sanaphonye msonkhano ndi umodzi womwe anali a Lufeyo, bambo wa kabaza wa ana atatu. Anamangirira kansalu ka chipani pa ndodo kumbuyo kwa njinga yawo, ndipo ankatitsogolera m'njira za kumidzi, akutilozera pamene lole ikhoza kutitimira. Palibe anawalemba ntchito. Mkazi wawo anaberekera m'mbali mwa mtsinje wa pa mlatho wokokoloka uja usiku wina wa dzinja, atalephera kuolokera ku chipatala, ndipo mawu oti mlatho kwa iwo sanali a pa nsalu chabe. Tikafika, ankandithandiza kutsitsa jenereta, n'kundigawira chinangwa chowotcha cha m'thumba lawo.

Pang'ono ndi pang'ono anthu anayamba kubwera. Mavoti atawerengedwa, chipani chathu chinapeza makhansala ochepa, koma zipani zikuluzikulu zija zinafanana mphamvu m'khonsolo. Palibe chimene chikanasankha wapampando popanda ife. Mileme ija inasanduka alendo olemekezeka. Magalimoto a magalasi akuda anayamba kuima pa khomo la Mayi Nachisale, ena m'mawa, ena masana, osafuna kukumana.

Mayiwo anaitanitsa msonkhano pa bwalo la msika kuti anene poyera mbali imene makhansala awo adzavotere. Tinafika m'mawa. A Jailosi anaimika lole mphuno itayang'ana khoma la sitolo, chifukwa kumeneko n'kumene kunali mthunzi. Ndinakweza masipika awiri pa denga la kutsogolo, awiri m'mbali, ndinayesa maiki, zonse zinali bwino. Pofika masana bwalo linadzaza kuposa tsiku lina lililonse, ndipo m'mphepete munaima anyamata a zipani zonse ziwiri, gulu lili uku, lina uko. A Lufeyo anatsamiritsa njinga yawo kumbuyo kwa lole monga mwa nthawi zonse.

Mayi Nachisale analankhula mwachidule ataima pa lolepo. Anati voti yawo ipita kwa aliyense amene asaine pamaso pa anthu kuti ntchito yoyamba ya khonsolo idzakhala mlatho. Sanatchule chipani. Mbali zonse ziwiri zinamva ngati zakanidwa. Kunayamba kukuwiza, kenaka nyimbo zotukwana, kenaka mwala unagwera pa denga la lole. A Mbewe anakokera mayiwo pansi, pakati pa masipika, n'kumenya denga kuuza a Jailosi kuti tichoke. Atatero anatembenukira kwa ine.

“Kweza nyimbo, asamveke amenewa.”

Ndinakankha batani la nyimbo mpaka kumapeto. Inali nyimbo ya chipani, ya ng'oma ndi kwaya ya amayi, ndipo matabwa a lole ananjenjemera pansi pa mapazi anga. Kutsogolo kunali khoma, choncho a Jailosi anayamba kubwerera m'mbuyo. Nditadzutsa mutu ndinaona amayi angapo atavala nsalu yathu akuthamangira lole, manja ali m'mwamba, pakamwa pali yasa. Ndinaganiza kuti akuimba nawo, kutilimbitsa mtima. Ndikukumbuka kuti ndinawamwetulira. Kenaka lole inadumpha pang'ono mbali ya kumanzere, ngati yaponda chitsa, ndipo mayi wina anagwira mutu n'kukhala pansi m'fumbi.

Apo m'pamene ndinatsitsa batani. Phokoso loyamba limene ndinamva linali la anthu ambirimbiri akufuula mawu amodzi okhaokha, akuti imani, ndipo mawu awo anali atasasa kale. A Lufeyo anali atathamangira kukachotsa njinga yawo. Handulo ya njingayo inakola ku chitsulo cha kumbuyo kwa lole, iwo n'kugwa nayo limodzi.

Miyala inaleka yokha. Anyamata a zipani zija ndi amene anathandiza kuwanyamula, ndipo tinawagoneka pa lole pomwepo, pakati pa mawaya anga. Chifukwa cha mlatho uja, tinazungulira njira yaitali ya ku chipatala cha boma. Mayi Nachisale anang'amba nsalu yawo n'kumanga pamene akanatha kumanga, mutu wa a Lufeyo uli pa miyendo yawo. Tisanafike pa tala, mayiwo anasiya kumanga, n'kuwatseka maso.

Apolisi anatenga a Jailosi, ndipo patapita masiku anawamasula. Ine palibe anandifunsa kanthu. A Mbewe anandiuza kuti ndinangochita zimene ndinauzidwa, ndipo ngati pali wolakwa ndi iwowo. Ananena zimenezi akuyang'ana kumbali, ndipo sitinadzakambenso.

Pa maliro panafunika zokuzira mawu, ndipo zinali zathu zomwezo. Ndinakwirira mawaya, ndinayatsa ampu pomaliza, ndinagwirizira maiki abusa ndi andale a mbali zonse amene anabwera kudzalankhula. Mwambo utatha, ndikukulunga waya, anandiitana kuseri kwa nyumba kumene kunakhala mkazi wa malemuwo ndi amayi anzawo. Ndinagwada chapatali. Namfedwayo anali atamva kuti ine ndinali pamwamba pa lole, pafupi kuposa wina aliyense.

“Achimwene, inu munali pompo. Bambo ake a ana awa ananena chiyani?”

Ndinawauza zoona, kuti sindinamve. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kundithokoza chifukwa chobwera. Sanafunse chifukwa chimene sindinamvere, ndipo ine sindinanene.

Chipani chimodzi mwa zikuluzikulu zija chinasaina pepala la Mayi Nachisale, makhansala athu anachivotera, ndipo mlatho unamangidwa, ngakhale unachedwa. Chipani cha Mlatho sichinatuluke m'boma lathu. Khansala wina analowa chipani cholamula, ena anagwa pa zisankho zotsatira, ndipo ndimamva pa foni kuti mayiwo akalamba, amangolandira anthu pa khonde. Ena kwathu amati chipanicho chinatha ntchito yake, ena amati chinagulidwa. Ine ndinasiya kwa a Mbewe mvula isanagwe chaka chomwecho. Ndinagulitsa matumba a chimanga kwa zaka zingapo, kenaka ndinapeza kontirakiti ya ugadi kuno ku Doha.

Amandiika pa geti la kampaundi ina ku Al Waab, shifiti ya masana. Ndi malo a bata, nyumba za mipanda yaitali, ndipo anthu oyenda pansi ndi antchito okhaokha: amayi a m'nyumba akukataya zinyalala, olima maluwa atagwada m'mbali mwa msewu. M'mawa uliwonse pamabwera galimoto ya thanki ya madzi othirira, imene imayenera kulowa chobwerera m'kanjira kopanikiza. Madalaivala amafika magalasi atatseka chifukwa cha kutentha, wailesi ili pamwamba. Ine sinditsegula chitsulo cha pa geti mpaka dalaivala atazimitsa wailesi ndi kutsitsa galasi. Ndikatero ndimapita kumbuyo, ndimasuzumira pansi pa thanki, ndimaima pamene akundiona pa galasi la m'mbali, n'kumuitana ndi dzanja.

Ambiri amadandaula. Amati yalla, yalla, kutanthauza fulumira m'Chiarabu, taimu ikupita. Wina anakandineneza kwa supavaiza wathu, amene anabwera kudzaona yekha. Anaimirira padzuwa mpaka thanki italowa, n'kungoti khalas, ndiye kuti basi, ndipitirize, koma ndizifulumira. Mnzanga wa ku Chipata amene timasinthana naye shifiti amandiseka kuti ndimalondera thanki ngati ndi mwana wa bwana. Sindinamuuze nkhaniyi.

Chimene ndinatenga pa ntchito yanga yoyamba n'chakuti munthu amene wagwira batani la phokoso wagwiranso makutu a anthu onse ali pamenepo, ndipo galimoto ikamayenda makutuwo azibwezedwa kwa eni ake. A Mbewe anandiphunzitsa bwino zonse za mawaya, koma pa zoyang'ana manja okha analakwitsa, ndipo ine ndinawamvera. Masiku ena thanki ikamabwerera, wailesi ili zii, ndimapezeka ndikutchera khutu kupitirira pamene pakufunikira, ngati kuti mwina ndimva zimene a Lufeyo ananena. Ndimangomva injini, ndi dalaivala akufunsa ngati apitirize.