Makina Owotchera Khansa Anali ku Joni

Ndinkagwira ntchito m'chipinda cha mdima pa chipatala china chaching'ono cha mishoni, cha kufupi ndi Malosa. Ntchito yanga inali kutsuka mafilimu a ekisileyi. Wojambula akajambula chifuwa kapena mwendo wa wodwala, ankandipatsira filimuyo pa kazenera, ine n'kuiviika m'mankhwala, kuitsukuluza ndi madzi, kenako kuiyanika. Zala zanga zinkakhala zachikasu chaka chonse, ndipo fungo la mankhwalawo ndinkapita nalo mpaka kunyumba. Sukulu ndinafika nayo Fomu 4, koma masamu ndi sayansi ndinalakwa, moti setifiketi sindinaipeze. Ndinakwatiwa, ndinabereka ana atatu, ndipo ndinkadziwa kuti za sukulu zinatha basi.

Amuna anga anali kalipentala. Anali ndi shedi m'mphepete mwa msewu wopita ku Liwonde, pomwe kale ankakhoma mipando ndi zitseko. M'zaka zimene ndikunenazi, dziko litangolowa kumene m'ndale za zipani zambiri, ankakhoma mabokosi a maliro okhaokha, pakuti ndiwo anali kuyenda malonda. Anthu ankafa kwambiri kwathu kuno, makamaka achinyamata, ndipo sabata yopanda maliro inali yosowa.

Ndinali ndi achemwali anga aakulu amene ankakhala kumudzi kwathu kwa Malemia. Ndiwo anandilera amayi atamwalira. Anali namfedwa, ankalima mpunga cha kumunsi kwa mtsinje wa Domasi, ndipo ankakhala ndi mwana wawo mmodzi wamkazi, mtsikana wotha msinkhu. Anali munthu wa mawu ambiri, wosachedwa kuseka. Choyamba chimene ndinazindikira n'chakuti anasiya kulowa m'tchalitchi. Lamulungu ankavala bwinobwino, kufika pa tchalitchipo, koma n'kukhala panja pansi pa mtengo, patali ndi anzawo. Nditawafunsa anati mkati mukutentha. Ndinawakakamiza mpaka anandiuza zoona: ankataya magazi pamene kusamba anali atasiya kalekale, ndipo kunkatuluka madzi onunkha amene ngakhale asambe kangati fungo lake silinkatha.

Ndinawatengera ku chipatala kwathu. Dokotala wathu nthawi imeneyo anali mayi wachikulire wochokera kunja, wolankhula Chichewa chothyokathyoka koma chomveka. Atawayeza anandiitanira pambali n'kundiuza kuti ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo inali itafalikira moti opaleshoni siikanathandiza. Anati kwawo matenda otere amawawotcha ndi makina otulutsa cheza champhamvu, koma m'dziko lathu lonse makinawo munalibe. Odwala owerengeka ankatumizidwa kunja, ndipo mzere wake unali wautali. Dzina la achemwali analipereka, koma nkhope yawo inandiuza kuti ndisayembekezere kanthu.

Patapita masabata angapo ndinawafunsa dokotalawo kuti amene amayendetsa makina otero ndi ndani. Ndinkaganiza kuti ndi madokotala akuluakulu. Iwo anati ayi, ndi anthu ophunzitsidwa ntchito imeneyo basi, ofanana ndi wojambula wathu uja, kungoti maphunziro awo ndi a digiri. Anandiuzanso kuti ku Joni kuli koleji ina imene imalandira anthu akuluakulu amene sukulu inawasokonekera kale. Munthu amayamba ndi chaka chimodzi chokonzekera, kuphunzira masamu, fizikisi, za thupi la munthu ndi Chingerezi, ndipo akakhoza amalowa digiri yeniyeniyo. Chofunika chinali kukhoza kaye masamu ndi sayansi pa mayeso a Fomu 4. Anati mpingo wakwawo ukhoza kundithandiza, ndipo tsiku lina makinawo akadzabwera m'dziko muno adzafuna munthu wowadziwa.

Ndinali nditapitirira zaka makumi atatu ndi zisanu. Komabe mawuwo anandikhala mumtima, ndipo Loweruka lotsatira ndinakawafotokozera achemwali ndikuwachapira nsalu zawo. Anaseka mpaka anagwira pamimba chifukwa cha ululu.

"Ndiye makinawo ukabwera nawo utasenza pamutu?" anandifunsa.

Ndinati sindikudziwa. Iwo anati ndiyese, poti mutu ndinali nawo kuyambira ndili mwana, kungoti ndinathamangira banja. Amuna anga sanakane, ngakhale sanasangalale. Anangofunsa kuti ana adzawaphikira ndani, ndipo nditati wamkulu wafika poti n'kuphika, anapitiriza kupala thabwa lawo.

Ndinalembetsa sukulu ya madzulo pa sekondale ina ya pafupi. Tinkalowa m'kalasi ana a m'mawa akaweruka. Anzanga ambiri anali anyamata ndi atsikana amene analakwa mayeso chaka chapitacho, ndipo onse ankanditcha kuti anti. Mphunzitsi wa sayansi anali wamng'ono kwa ine. Poyamba ankachita manyazi kundifunsa funso, ine ndinkachitanso manyazi kukweza dzanja, mpaka tsiku lina ndinamuuza kuti azindikalipira monga akalipirira ena onse. Ndinkaweruka ku ntchito maso akuwawa ndi mdima wa m'chipinda chija, n'kukakhala pa desiki yopanikiza mawondo, ndikuyang'ana manambala amene sankafuna kulowa m'mutu. Mkati mwa sabata ndinali mwana wa sukulu, Loweruka ndi Lamulungu ndinali kwa Malemia kuchapa, kuwasambitsa achemwali ndi kuwaphikira phala. Iwo ankangowonda. Kumunda anasiya kupita, mpunga wawo analima ndi ena.

Mayeso ndinakhoza, osati mwapamwamba, koma mokwanira. Dokotala uja analemberana ndi a ku koleji, malo anapezeka, mpingo wakwawo unavomera kundilipirira chaka chokonzekeracho. Pamenepo ndi pamene mantha anandigwira. Achemwali anali atafika posadzuka okha, ndipo kuitanidwa kwawo kunja kunali kusanabwere. Ndinawauza kuti ndikhoza kudikira chaka china.

"Ukakhala pano uchita chiyani choposa kuchapa nsanzazi?" anatero. "Kuchapako mwana wangayu akutha. Iwe pita."

Ndinanyamuka mvula ili pakati. Basi inadutsa ku Mwanza, ku Tete, ku Zimbabwe, ndipo ndinafika miyendo itatupa. Ku koleji ndinapeza anthu a msinkhu wanga: anamwino amene anatopa ndi ntchito ya m'mawodi, bambo wina amene kale anali kalaliki ku migodi, amayi awiri ochokera m'mayiko oyandikana nafe. Kumeneko kunalibe wonditcha anti. Koma aphunzitsi ankalankhula Chingerezi chothamanga, ndipo mayeso oyamba a fizikisi ndinalakwa kotheratu. Chisanu chitafika ndinadwala chifuwa, ndinkalowa m'kalasi nditafunda bulangete. Ndinaganizapo zosiya. Chimene chinandigwira n'chakuti ndinalibe nkhope yobwerera nayo kwa achemwali ndili chimanjamanja. Ndinayamba kukhala kutsogolo, kufunsa ngakhale zinthu zimene ena ankaziona ngati zachibwana, ndipo pang'onopang'ono zinayamba kulowa.

Kamodzi pa mwezi ndinkaimba foni ku ofesi ya chipatala chathu, amuna anga ankakhala atafika kale kudikira. Tinkalankhula mwachidule. Ana ali bwino, ntchito ikuyenda, achemwali akuvutika koma alipo. Nthawi zonse yankho linali lomwelo.

Chaka chili pafupi kutha anatitengera ku chipatala chachikulu kukaona makina amene tinkawaphunzira m'mabuku. Anali m'chipinda cha pansi, cha makoma ochindikala ndi chitseko cholemera. Tinaima panja, tikuonera pa kawayilesi ka kanema. Mayi wina wa msinkhu wa achemwali anagonekedwa pa bedi lopapatiza, woyendetsa makina anamuika bwinobwino, anatuluka, anatseka chitseko, n'kudina mabatani. Makinawo anazungulira pang'onopang'ono akulira chapansipansi. Ndisanamvetse n'komwe kuti zayamba, zinali zitatha. Mayiyo anadzuka, anamanga duku lake, n'kufunsa namwino kumene angakwerere basi.

Ndinamufunsa woyendetsa makinayo, mtsikana wamng'ono kwambiri kwa ine, kuti nanga munthu amene khansa yake yafalikira kale, makinawa angamuchitire chiyani. Anati mwina sangachire, koma magazi amasiya, fungo limachepa, ululu umatsika, munthu amatha kukhalanso pakati pa anzake. Ananena mosavutikira, ngati akunena za mankhwala a mutu. Ndinatuluka panja n'kukakhala pa masitepe. Chinthu chimene achemwali anachidikira pafupifupi zaka ziwiri chinali chachifupi chonchija.

Ndinalemba mayeso otsiriza, ndinakwera basi yobwerera kwathu. Ndinali nditawagulira achemwali nsalu ndi sopo wonunkhira. Amuna anga anandichingamira pa siteji ya Domasi ndi njinga. Anamangirira chikwama changa pa kaliyala, tinayamba kuyenda wapansi, iwo akukankha njingayo. Titafika pa mphambano yopita kwa Malemia ndinati tiyambe tadzera kwa achemwali. Iwo anaima, anatsamiritsa njinga pa mtengo, anavula chipewa.

"Amake ana, achemwali anu kulibe. Tinaika mango asanapse."

Ndinawayang'ana osamvetsa. Ndinati si zoona, poti iwo omwewo anandiuza pa foni mwezi wathawu kuti achemwali alipo.

"Ndinakunamizani. Achemwali anuwo anandilumbiritsa okha kuti ndisakuuzeni mpaka mutalemba mayeso. Bokosi ndinakhoma ndine, ndi matabwa abwino."

Ndinakhala pansi pa msewu pomwepo. Sindinalire msanga. Ndimakumbukira kuti ndinkayang'ana matayala a njinga, ndipo anthu odutsa ankatipatsa moni, amuna anga n'kumayankha okha. Kenako ndinadzuka, ndinamasula chikwama changa, ndinachisenza, n'kulowera kwa Malemia ndekha. Iwo ananditsatira chapatali.

Mwana wa achemwali ndiye anandifotokozera za masiku otsiriza. Ululu unakula moti mapilitsi amene ankalandira ku chipatala sankagwiranso ntchito. Ankabuula mpaka oyandikana nawo ankamva. Fungo litanyanya anapempha okha kuti awasamutsire ku kakhitchini ka kuseri, kuti mwanayo azitha kudya m'nyumba. Anthu obwera kudzazonda ankaimira pakhomo. Kuitanidwa kunja sikunabwere. Mtsikanayo anandiuza zonsezi maso ali ouma, akusenda chinangwa, ndipo ndinaona kuti chaka chimenecho chinamukalambitsa. Anandiperekeza kumanda, anandilozera mtumbira umene udzu unali utayamba kale kumera.

Amuna anga sindinawalankhule kwa nthawi yaitali, kupatula zofunika za pakhomo. Ndinkadziwa kuti anachita zimene anauzidwa, ndipo kuti iwo ndiwo anathamanga ndi zonse za maliro ine kulibe. Koma ndikakumbukira mawu awo pa foni paja, mtima unkandiwawa. Sanadziikire kumbuyo ngakhale kamodzi. Mwana wa achemwali anamutenga n'kumusunga kwathu osandifunsa n'komwe, ndipo mwina n'chimene chinayamba kundifewetsa.

Zotsatira zinabwera: ndinakhoza, ndipo malo a digiri anali okonzeka. Koma nditabwerera ku ntchito ndinapeza dokotala uja atapita kwawo chifukwa cha matenda, ndipo mpingo wakwawo unanena kuti thandizo lawo linali la chaka chimodzi chokha. Ndinakwera basi kupita ku Lilongwe kukapempha kwa akuluakulu ena oona za maphunziro a anthu a zachipatala. Bambo amene ndinaonana nawo anandilandira mwaulemu, anawerenga mapepala anga, anandiyamikira. Kenako anati sangatumize munthu kukaphunzira kuyendetsa makina amene dziko lilibe, pamene zipatala zikusowa anamwino ndipo odwala akugona pansi. Anawonjeza kuti ngakhale makinawo atadzabwera, ine ndidzakhala nditatsala pang'ono kupuma pa ntchito. Ndinatenga mapepala anga n'kubwerera kwathu. A ku koleji anandisungira malo chaka chimodzi, kenako anawapereka kwa wina.

Ndinabwerera m'chipinda cha mdima. Patapita nthawi wojambula wathu nayenso anadwala n'kumwalira, ndipo poti ndinali nditaphunzira za cheza ndi za thupi la munthu, akuluakulu a chipatala anandilola kuti ndizijambula ndekha podikira wina. Winayo anachedwa zaka zambiri kubwera.

Amayi odwala ngati achemwali ankabwerabe. Ndinkawazindikira asanalowe n'komwe, poona mmene ankakhalira kumapeto kwa benchi, patali ndi ena. Tsiku lina anabwera mayi wina wa ku Domasi Mission, atatumizidwa kuti ndimujambule chifuwa, madokotala aone ngati khansa yafika m'mapapo. Nditamuimika pa makina anandigwira dzanja.

"Amayi, makinawa andichiza?"

Ndinamuuza kuti ayi, awa ndi ongoonera mkati. Anafunsa ngati alipo ena ochiza. Ndinati alipo, ndinawaonapo ndi maso anga, koma ali kutali. Anagwedeza mutu. Ndinamuuza kuti akoke mpweya, augwire, ndipo ndinadina batani. Atavala ndinamufotokozera mwana wake amene anamuperekeza mmene angamachapire nsalu ndi mmene angamamugonekere kuti ululu uzichepako, kenako ndinalowa kukatsuka filimu yake, poti panja panali anthu ena akudikira.