Maso a Kapitawo

Ndisanakhale mphunzitsi ndinagwirapo ntchito ya utolankhani mumzinda. Kumeneko anandiphunzitsa chinthu chimodzi mpaka chinalowa m'magazi: usalembe kuti "kutali", lemba makilomita, usalembe kuti "m'mawa", lemba ola. Khalidwe limeneli ndinapita nalo ku sukulu ya mpingo ya m'mapiri a kumalire a Dowa ndi Ntchisi, kumene anandipatsa Sitandade 8.

Ntchito inali yosalola munthu kupuma. Lolemba ndi Lachinayi ndinkatsogolera mapemphero a m'mawa pabwalo. Tikaweruka kunali kuchonga makope, Loweruka kwaya ya ana, Lamulungu Sande sukulu. Kulemba ndinakupezera mpata umodzi wokha, Lamulungu masana. Ndinali ndi tsamba langa pa intaneti, lija amati bulogu, ndipo ndinkalembapo za moyo wa kumapiri kuno. Netiweki inkagwira pamwala umodzi kuseri kwa sukulu, ulendo wa mphindi khumi ndi ziwiri kukwera. Munthu ukaima pamenepo mapiri amaoneka ataunjikana mpaka polekezera diso, nkhungu ikuyenda m'zigwa pansi pa mapazi ako ngati mtsinje wopanda phokoso.

Mwezi wa Febuluwale kalasi yanga inkachepa. Ndi nyengo yothyola ndi kusoka fodya, ndipo pa maesiteti banja la tenanti limawerengedwa ndi manja ake onse, a ana omwe. Koma mtsikana mmodzi, mwana wa matenanti ochokera kummwera, sanajombepo. Ankafika mphindi khumi belu lisanalire, miyendo itanyowa ndi mame. Masamu ankawamva ndisanamalize kufotokoza.

Chinsinsi chake ndinachimva m'tchalitchi. Lamulungu lina, itakwana nthawi ya maumboni, mayi ake anaimirira, manja akuda ndi phula la fodya.

"Abale, ine ndilibe zambiri," anatero. "Mwana wanga amachoka m'mawa uliwonse atasenza chidebe ngati akupita kumadzi. M'chidebemo muli yunifolomu ndi makope. Amadutsa pa chigafa choyanikamo fodya penipeni, pomwe pamaima a kapitawo. Miyezi iwiri tsopano, sanamuonepo. Mulungu watseka maso a kapitawo!"

Tchalitchi chonse chinayankha Ameni. Ine dzanja langa linali litayamba kale kulemba kuseri kwa pepala la nyimbo. Masana omwewo ndinakwera pamwala paja. Dzina sindinatchule. Zina zonse ndinatchula: makilomita asanu ndi awiri, mtundu wa chidebe, mitengo ya pachipata cha esiteti, mtsinje umene amawoloka. Ndinatsika ndikudziyamikira.

Lolemba m'mawa ahedi, mayi wamkulu amene anaphunzitsa pasukulupo kuyambira isanakhale ndi malata, anandiimitsa pakhonde.

"Aphunzitsi, nkhani yanu ndaiwerenga. Anthu akutumizirana pa gulu la mpingo. Yokoma."

"Zikomo, mayi."

"Dzina simunatchule."

"Ayi, ndinasamala."

"Munasamala ndithu. Tandiuzani, inu odziwa kuwerenga zinthu: zidebe zopita kusukulu zilipo zingati kuno?"

Ndinawerenga m'mutu: chinali chimodzi chokha.

"Umboni wa m'tchalitchi si wa kukhoti," anatero. "Mayi uja amauza Mulungu. Ife tinangomva nawo."

Sanafunikire kuwonjezera. Tenanti akathamangitsidwa fodya asanapite kumsika, amabwerera kwawo chimanjamanja, thukuta la chaka chonse litatsala m'chigafa. Ndinatulutsa foni kuti ndithamangire pamwala ndikafufute nkhaniyo. Inali yothima. Mitambo inali itaphimba masiku atatu, sola ya pasukulu sinatchaje kanthu. Ya ahedi inathima atangomaliza kuwerenga. Apo n'kuti belu likulira, ndipo wotsogolera mapemphero tsikulo ndinali ine.

Ndinaima pamaso pa ana ndi kuwerenga vesi imene ndinasankha sabata yapitayo, koma maso anga anali pa mzere wa Sitandade 8. Mtsikana uja panalibe. M'kalasi malo ake pa desiki yachitatu anali opanda munthu. Ndinaphunzitsa masamu, Chingerezi, Baibulo, choko chikuthyoka m'manja. Kalasi yolemba mayeso sungaisiye yokha, ngakhale wayatsa moto kwina.

Titangoweruka ndinauyamba wapansi. Makilomita aja ndinawalemba bwino, analidi asanu ndi awiri. Ndinafika pa chigafa kunja kukuwaza. Azimayi anali atakhala m'mizere akusoka masamba, amuna akupachika pa mikangala, timitengo toyanikapo fodya. Pakati pawo ndinamuona mtsikana uja, singano m'manja, ataweramitsa mutu. Mayi ake anandipatsa moni mwansangala. Zinaoneka kuti sankadziwa kanthu.

Kapitawo anali bambo wamfupi, wa jekete lalikulu. Anandikodola, tinapita kuseri, pa chulu.

"Ndinu olemba aja?"

"Ndine, bambo. Ndabwera kudzapepesa. Wolakwa ndine. Banjali musalichotse."

"Mwati maso anga anatani?"

"Anatero ndi mayi aja. Ine ndinangolemba."

"Mumangolemba zilizonse? Ndimayesa a nyuzipepala mumafunsa mbali zonse." Anaseka, kenako anaponya diso ku chigafa. "Aphunzitsi, ine ndimaona tsamba limodzi lowola pakati pa chikwi. Chidebe chopita kumadzi chimabwerako nthawi yomweyo. Ichi chimabwerako masana, chouma. Ndisachione?"

"Ndiye mumadziwa?"

"Tsiku loyamba lomwe. Akamatulukira apo pa nthochi, ine ndimatembenuka n'kuyamba kuwerenga mikangala. Ndaiwerenga mikangala imeneyi, ndikuidziwa kuposa ana anga."

"Nanga ntchito yake amagwira ndani?"

"Mwaona azimayi awo? Aliyense amasokako pang'ono mowonjezera, n'kuponya pa mulu wa mayi ake mayiwo akayang'ana kumbali. Palibe anawatuma. Palibe amanena. Ngakhale ine sadziwa kuti ndikudziwa."

Ndinayang'ana chigafa chija. Ndinawerenga azimayi khumi ndi anayi. Ena anali ochokera kummwera, ena a konkuno, ena a mipingo ina, ena sindinawaonepo m'tchalitchi chilichonse. Manja ankangoyenda, singano zikulowa ndi kutuluka. Pamene ndinali kuyang'ana, mayi wina wa mwana kumsana anatambasula dzanja, osacheuka n'komwe, n'kusiya masamba osoka pa mulu umene sunali wake. Ndinkakwera pamwala Lamulungu lililonse kufuna zodabwitsa za kumapiri, chonsecho chachikulu chinali kunsi kuno, pansi pa denga la udzu lodontha.

"Lero bwanji sanabwere kusukulu?" ndinafunsa.

"Ndamuimitsa ndine. Ndinati lero madzi asatunge, ntchito yachuluka. Eni esiteti amakhala kutauni, ndipo foni zawo sizithima ngati zanu. Akawerenga n'kubwera, apeze manja onse ali pano. Zimene aliyense akudziwa mwakachetechete zimakhala. Zikalembedwa, ine ndiyenera kuyankha."

Anatulutsa foni m'jekete, yosweka galasi.

"Kwerani pamwambapa, imagwira. Fufutani."

Ndinakwera pachulu, ndinalowa pa tsamba langa, ndinafufuta. Anthu amene anatumizirana pa gulu la mpingo anali atatumiza njira yolowera chabe, choncho wotsegula tsopano akanapeza popanda kanthu. Inali nkhani yabwino koposa zonse zimene ndinalembapo. Inakhala moyo maola makumi awiri ndi asanu.

Ndikutsika anandigwira mkono.

"China. Mayi ajawa musawauze."

"Kuti mumatembenuka?"

"Eya. Ali ndi umboni wawo, musawalande. Komanso," anakanda m'mutu, "ine mtima wofewa ndilibe, funsani aliyense pano. Tsiku loyamba lija ndinatsegula pakamwa kuti ndimuitane. Sindikudziwa chimene chinanditembenuza. Mwina mayiwo akunena zoona."

Ndinabwerera ndi njira ya kumtsinje, nkhungu ikutsika m'mapiri kudzakumana nane. Mtolankhani mwa ine anali ndi mboni ziwiri zotsutsana, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinafune kupeza yonama.

Eni esiteti sanabwere sabata imeneyo. Kaya anawerenga, kaya ayi, sindinamve. Bulogu sindinaisiye, koma kuyambira pamenepo nkhani iliyonse inkagona sabata yathunthu m'kope, ndipo ahedi ankaiwerenga choyamba, akufunsa za zidebe. Iyi yagona zaka. Pa esiteti paja masiku ano amalimapo soya, matenanti aja anabalalika, ndipo mtundu wa chidebe ndi mitengo ya pachipata mwaona nokha kuti sindinatchule.

Lachiwiri la sabata ija ndinafika pasukulu molawirira, ndinaima pakhonde wotchi ili m'manja. Kutatsala mphindi khumi kuti belu lilire, anatulukira kumunsi kwa bwalo, miyendo yonyowa, zala zakuda ndi phula la dzulo. Chidebe anachisiya kuseri kwa chitseko monga mwa masiku onse.

"Pepani aphunzitsi, dzulo ndinajomba. A kapitawo anandiona."

"Nanga lero?"

"Lero sanandione. Amawerenga mikangala."

"Khala pansi," ndinatero. "Tsegula masamu, tsamba lomwe tinalekezera."