Maluwa a Bwana Ankamwa Mame

Chaka chimene mvula inakana kugwa, ine ndi amene ndinkasunga sipanala ya damu laling'ono la kumtunda kwa boma. Madzi atatsika, mzungu wa zamadzi anandilamula kutseka mpopi wa anthu, koma paipi yopita kunyumba za azungu ndiisiye. Ndinangoti "Inde bwana," chipewa chili m'manja, ndipo ndikakumbukira mtima umandipsabe.

Azimayi anayamba kutsikira kudoko kukatunga m'nyanja, n'kukwera chitunda chonse chija ndowa zili pamutu. Akandifunsa, ndinkati damu lauma.

Tsiku lina ndinakumana ndi apongozi anga aakazi pafupi ndi mpanda wa bwanayo. Mwamwambo sitinkayang'anana kumaso. Anatula ndowa, n'kuyang'ana maluwa ofiira a mkati mwa mpandawo, dothi lake lili chinyowere.

"Apongozi, damu mwati lauma. Nanga maluwawa akumwa chiyani?"

Dzuwa linali paliwombo, sipanala ikulemera m'thumba. Ine, bambo wa ana atatu, woimba kwaya kutchalitchi, ndinayankha kuti, "Ndi mame."

Ndinafuna kuwasenzetsa ndowa, koma anasenza okha.

Lamulungu ndinapita kwawo kukacheza, ndipo ndinapempha madzi akumwa. Anabwera okha, anagwada chapatali mwaulemu wonse, n'kuika kapu pansi. Munalibe ngakhale dontho.

"Mudikire mame," anatero.

Mzungu uja anabwerera kwawo osamva n'komwe za nkhaniyi. Amene anakhala pakhonde masana onse, abale a mkazi wanga akuonerera, atagwira kapu youma ndi manja awiri, ndinali ine.